Thebulo la Simenti Lodikira Makina

Benoni, 10 Malichi 1996

Okondedwa amake Tadala,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi mwana wathu Tadala ndi apongozi. Ine kuno ndili moyo, kungoti chifuwa chija chimabwera m'mawa n'kupita chokha dzuwa likakwera. Kalata yanu ndalandira kudzera kwa Mose, dalaivala uja amanyamula katundu wa anthu a kuno kupita naye ku Salima. Ndaiwerenga kawiri, ndipo kachiwiriko ndinachita kuiika pansi kuti mtima uyambe watsika.

Kodi kalata ija munalemba ndinu, kapena achimwene anu a Limbani anakugwirani dzanja? Chifukwa kuyambira pamwamba mpaka pansi ndi injini ya boti yokhayokha. Ati mwamuna wa Hajara watumiza injini, ati ana a kwa Davie abwera ndi injini. Ndiye ine ndikhale wachingati? Gombe lonse la kwa Maganga ladzaza injini, ndipo zambiri zagona m'makonde zitafunditsidwa masaka, chifukwa kachitsulo kamodzi kanadyeka ndipo palibe woti n'kusema kena. Alamu angawo akudziwa zimenezi, koma maso awo amathera pomwe pathera ukonde wawo.

Ndikuuzeni ntchito imene ndimagwira kuno, poti mwina kwanuko amaganiza kuti kuno ku Joni malandi, ndalama za kuno, timangotola mumsewu. Ndimaima pa makina osema zitsulo. Umamanga chitsulo pa thebulo lake, pamwamba pali mpeni wozungulira, ndiye iwe umayendetsa thebulolo popukusa timawilo tachitsulo timene timati mahandulo. Handulo ina imapititsa kumanja ndi kumanzere, ina kutsogolo ndi kumbuyo, yachitatu imatsitsa mpeni. Dzanja likaphonya pang'ono chabe, chitsulo chatayika. Zaka zonsezi ndakhala ndikupukusa mahandulo amenewa, ndipo pashopu pano palibe wondiposa. Sindikudzitama, ndi mmene zilili.

Tsono mverani nkhani. Bwana wathu, mzungu wokalamba amene tonse timangomuti Obasi, wagwidwa ndi misala yatsopano. Wawerenga m'mabuku ake kuti makina otere ungawachotse mahandulo, n'kumangapo timamota, n'kulumikiza ku kompyuta, ati azisema okha popanda munthu. Akufuna kugula makina aang'ono okhala pathebulo oti aziseweretsa m'galaja ya kunyumba kwake Loweruka ndi Lamlungu. Wandiuza kuti ndikamusankhire ine, poti iye maso anayamba kuchita chidima. Ndinamufunsa kuti, "Nanga bwana, masewera anuwa akakanika?" Iye anaseka, nati, "Kompyuta ikakanika, Enock, makinawo ndi ako, udzangondipatsa mtengo wa zitsulo zakutha." Tinagwirana chanza pamaso pa Mayeso, mnzanga wa ku Chitala uja amawotcherera zitsulo pano.

Ikanika basi. Kompyuta ilibe khutu lomvera kulira kwa mpeni ukayamba kubuntha, ilibe chikhato chomvera chitsulo chikamanjenjemera. Ndiye makina amenewo ndibwera nawo kumudzi, ndipo injini zonse zogona m'makondezo zidzadzuka ndi manja angawa. A Limbani omwewo adzabwera pakhomo panga atasenza pulopela, chipewa chili m'manja.

Muwauze kuti injini kulibe. Ndatumiza nsapato za Tadala ndi bulangete la apongozi. Sopo ndatumizanso, koma musagawire aliyense wobwera kudzapereka moni.

Ndine mwamuna wanu,
Enock Masiye


Benoni, 19 Meyi 1996

Amake Tadala,

Moni nonse kumeneko. Ndamva kuti Tadala anadwala malungo koma wachira, tithokoze Mulungu. Kuno kwayamba kuzizira, kuzizira kwake kolowa m'mafupa, koma ndikulimba.

Makina tagula. Tinapita ndi Obasi ndi Mayeso ku Germiston kwa munthu wogulitsa makina akale, ndipo oyenera thumba la mdalayu analipo awiri. Oyamba anali opakidwa penti wobiriwira, owala bwino, koma mutu wake wogwira mpeni umakwera ndi kutsika pa mzati wobulungira ngati paipi ya mjigo. Ukamasula mutuwo kuti uukweze, umapotokera kumbali pang'ono, ndipo mpeni subwerera pomwe unali. Kwa munthu wa maso ndi manja si nkhani, amangoubwezera. Koma chinthu chosaona sichingadziwe kuti chasochera. Achiwiri anali akuda bii ndi mafuta, osaoneka bwino, koma mzati wake wa ngodya zinayi, mutu umayenda m'njira yake osapatuka. Powanyamula amuna anayi anatuluka thukuta. Ndinaika khutu pamene ankazungulira, ndinagogoda msana wake ndi sipanala, ndipo ndinadziwa kuti makina ndi amenewa.

Mayeso anandikokera kuseri. Ati, "Achimwene, mwapenga? Sankhani obiriwirawo. Kompyuta ikasochera nawo mdalayu atopa msanga, inu mutenga makina. Mukamusankhira abwinowa mukunola mpeni woti udzakuchekeni nokha." Ndinamuyankha kuti iye ntchito yake ndi yomata zitsulo, za makina azisiyira eni ake. Ine sindikusankhira Obasi, ndikudzisankhira ndekha. Nditenge makina opotoka mutu kupita nawo kwathu kuti a Limbani akandiseke? Abwino kaya oipa, kompyuta ikanika, ndiye bola ndidzatsale ndi abwino. Tatenga akudawo.

Tsopano mverani bwino, ndipo ntchito iyi musawasiyire alamu. Makinawa sagwirizana ndi mchenga. Pamalo paja amalume anu anatilozera, pafupi ndi msewu pomwe padutsa mawaya a magetsi opita kumahotela, pamangidwe thebulo la simenti. Akumbe mpaka apeze dothi lolimba, aike miyala ya kuphiri, osati zibenthu za njerwa. Lifike m'chiuno mwanu. Pamwamba pasalale, ndipo mmisiri aike levulo mbali zonse inu mukuona, kamadzi kake kaime pakati. Akamaliza muthirepo madzi a m'kapu, akathamangira mbali imodzi musamulipire. Ndalama ya simenti ili ndi Mose. Ndi ya simenti, si ya palafini wa nyali za usipa, si ya nsalu za chipani.

Poti ndatchula chipani, ndamva kuti a Limbani masiku ano amayenda ndi malaya a nkhope ya munthu pachifuwa, kumauza anthu kuti zinthu zasintha. Zasinthadi, mchere wakwera. Demokalase yawoyo asabwere nayo pa thebulo langa, pamenepo palibe kuvota.

Mupereke moni kwa apongozi.

Enock


Benoni, 25 Ogasiti 1996

Amake Tadala,

Moni ndikupereka poti ndi mwambo, koma mtima wanga suli bwino. Thupi lili bwino. Ndikhulupirira inunso muli bwino nonse, chifukwa anthu odwala sakanachita zimene ndamvazi.

Mose wafika dzulo. Wandiuza kuti thebulo lamangidwa, lokongola, losalala monga ndinanenera. Ndinayamba kumwetulira. Kenako akuti, "Koma usipa umauma bwino pamenepo, achimwene." Usipa! Thebulo limene ndadzimana nalo nyama miyezi yonseyi, a Limbani alisandutsa thandala loyanikapo nsomba? Gombe lonse lija mitengo ndi bango zatha? Ati dzuwa likawomba simenti imatentha ndiye usipa suchedwa kuuma. Ndiye ine ndinabwera ku Joni kudzazizidwa kuti usipa wa a Limbani uzimva kutentha?

Inu munali kuti? Mose akuti munalankhula, koma amalume anu anati malowo ndi a mbumba yawo, chomangidwa pamenepo ndi cha onse. Ndikudziwa kuti ndine mkamwini, kwanuko palibe tsiku limene analola kuti ndiiwale. Denga la apongozi likadontha, mkamwini. Maliro akagwa, bokosi mkamwini. Koma mkamwini akamanga kanthu kake, ndiye kakhala ka onse. Muwauze kuti mafuta a nsomba akalowa mu simenti satuluka, ndipo mamba ndi mchenga ndi adani a makina. Mutsuke ndi sopo, mufunditse malata aja anatsala pa bafa, mutsinjikepo miyala. Wochotsa malatawo adzayankha kwa ine.

Za kuno zikuyenda monga ndinanenera. Ndinachotsa ndekha mahandulo pa makina aang'ono aja, Obasi n'kumangapo timamota take ndi mawaya ngati matumbo a nkhuku. Tsiku loyamba anadina batani, makina analira, mpeni unatsika n'kulowa m'thebulo lake lomwe, n'kuthyoka. Kachidutswa kanakabaya chitseko. Ndinachita kutuluka panja kukasekera kuseri kwa galimoto. Loweruka lotsatira anafuna kusema bwalo lozungulira, chinatuluka chinthu chonga dzira la bakha. Mdalayu anatukwana m'chinenero chake mpaka mkazi wake anatseka mawindo. Ikamafika Khirisimasi akhala atatopa. Timahandulo titatu tija ndatikulunga m'nsanza ya mafuta, tili pansi pa bedi langa kudikira tsiku loti ndidzatibwezere.

Mayeso kulibe. Apolisi anamutenga pasiteshoni ya sitima, mapepala ake anali atatha. Sindinena zambiri. Ine masiku ano ndimayenda njira ya kuseri, ndipo m'basi sinditsegula pakamwa. Mukakumana ndi anthu a kwawo ku Chitala musanene kanthu, afika yekha.

Enock


Benoni, 15 Disembala 1996

Okondedwa amake Tadala,

Ndikhulupirira mvula yagwa bwino ndipo chimanga chamera. Ine ndili bwino, chala chimodzi chokha ndi chomanga nsanza, si nkhani yoti mudandaule nayo. Zikomo potsuka thebulo. Mose akuti munakangana ndi achimwene anu mpaka anthu anatuluka m'nyumba kudzaonerera. Munachita bwino, ndipo ndakugulirani nsalu ziwiri.

Khirisimasi ino sindibwera. Musayambe kulira, mverani kaye chifukwa chake.

Sabata yatha Obasi anandiitana pamaso pa anthu onse a pashopu, nati, "Enock, unandisankhira chinyalala. Thebulo lake likugwedera, ndi chifukwa chake zinthu zikutuluka ngati mazira. Ndikagulitsa kwa a zitsulo zakutha, ndigule ena atsopano." Ndinati, "Bwana, ngati mwatopa nawo ndi anga, tinagwirana chanza." Mukudziwa chimene anayankha? Ati, "Tinapangana kuti kompyuta ikakanika. Apa kompyuta sinakanike, akanika ndi makina akowa." Mwaona kuchenjera kwake? Ndipo mboni yanga Mayeso ali ku Chitala akulima.

Chinyalala! Ine Enock Masiye kusankha chinyalala! Mtima unandiwira. Ndinamuuza kuti andipatse makiyi a galaja masiku onse amene shopu yatsekedwa, tione ngati adzabwerezenso mawu amenewo. Ndiye ndi zimene ndikuchita. Ndamasula makina onse. Njira zimene thebulo limatsetserekamo ndikuzipala ndi dzanja: kupaka utoto wabuluu, kukhudzitsa, kuona pomwe pathimbirira, kupala pamenepo pang'ono, kupakanso. Ntchito imeneyi a masiku ano saidziwa, ine ndinaiphunzira kwa Mpwitikizi wina nditangofika kuno. Bawuti yaitali yokankha thebulo ndaichotsa, ndaika ina yopanda mpata. Ndikamaliza, ngakhale mutaligwedeza ndi manja awiri silidzayankha.

Ndikatero mdalayu adzasowa pothawira. Zikadzakanikanso aliyense adzaona kuti yakanika ndi kompyuta, ndipo makina adzakhala anga, okonzakonza kale. Ndikukonza katundu wanga ndi magetsi ake ndi mafuta ake, wopusa ndani pamenepa?

Ndamva kuti a Limbani aphatikiza ndalama ndi mnzawo Lenard n'kugula injini yakale ku Chipoka, ndipo akuuza anthu kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ati makina a m'galaja ya mzungu ndi fodya wa pachala. Chabwino, aziyenda nayo. Ikadzatsokomola adziwa khomo loti agogode, ndipo mtengo wake sudzakhala wa pachibale. Tadala asajombe kusukulu, ngakhale akuphunzirira pansi pa mtengo.

Mudye bwino Khirisimasi, mpunga ndi nkhuku, osati usipa.

Mwamuna wanu,
Enock


Benoni, 2 Malichi 1997

Amake Tadala,

Moni. Ndili bwino.

Kalata yanu yandipsetsa mtima. Mukundifunsa kuti, "Ngati mukufuna kuti zinthuzo zikanike, nanga mukuzikonzeranji?" Funso limeneli ndi lanu kapena mwalitola kugombe? Mayeso wafika kumeneko n'kuyamba kulalikira eti? Munthu wobwera pa lole ya obwezedwa, wopanda ngakhale supuni, lero ndiye wakhala nkhoswe ya banja langa? Inu ntchito ya zitsulo munaiphunzira liti? Ine nditayamba kukuuzani kaviikidwe ka chinangwa mungamve bwanji?

Poti mwafunsa ndikuuzani, koma zithere m'kalata muno. Makina aja asema bwalo. Lozungulira bwinobwino, ndinayeza ndekha mbali zonse. Obasi anadinanso batani, anasema lina, kenako lina, onse ofanana ngati mapasa. Iye anali atakhala pampando akumwa khofi. Anandigwira paphewa, nati ndine mfiti ya makina. Chakudya sichinalowe tsiku limenelo.

Koma chinali chitsulo chofewa, chija amapangira mapoto. Chimenecho ngakhale inu mungachipale ndi mpeni wa kukhitchini. Adikire tsiku limene adzamangepo chitsulo chenicheni cha shafiti, tidzaonera pamenepo. Nkhani sinathe.

Malata asachoke pa thebulo. A Limbani asamve za kalatayi.

Enock


Benoni, 21 Seputembala 1997

Amake Tadala,

Ndikhulupirira nonse muli bwino. Ine ndilipo, chifuwa chija chinandivuta nthawi yozizira koma chaleka. Mukuti ndakhala chete nthawi yaitali mpaka apongozi ayamba kunena kuti ndakwatira kuno. Auzeni mtima ukhale m'malo, mkazi wa kuno sangayang'ane munthu wonunkha mafuta ngati ine. Ndinalibe choti ndilembe, chifukwa chake ndi chimenecho.

Chitsulo cholimba chija asemanso. Poyamba mpeni unkapsa, ine n'kumati ehee, yafika nthawi. Mdalayu anangouza kompyuta kuti iziyenda pang'onopang'ono, basi zinatheka. Tsopano masewera a m'galaja aja alowa m'shopu. Kunabwera anthu ndi mamota akuluakulu, amanga pa makina awiri aakulu, ndipo amuna awiri amene ankaima pamenepo apatsidwa maenvulopu, ntchito yawathera. Wina ali ndi ana asanu. Makina amene ndimaimapo ine akadali ndi mahandulo, koma ntchito yobwera kwa ine ikuchepa. Nthawi zambiri ndikungonyamula zitsulo ndi kusesa zinyenyeswa, ine munthu amene ndinkasesetsa ena. Ovataimu inatha, ndiye musadabwe ndi zimene Mose wabweretsa.

Ndinapita kwa Obasi, ndinati, "Bwana, poti masewera atha, aang'ono aja mundigulitse. Sindikunenanso za mtengo wa zitsulo zakutha, tchulani mtengo wanu." Ati, "Ayi Enock, ameneyo ndi mwana wanga woyamba, sindingamugulitse." Mwana wake! Anamupala ndi ndani? Chala chimene chinabenthuka ndi cha ndani?

Choipitsitsa ndi ichi. Loweruka lililonse amabwera ndi anzake, eni mashopu ena, kudzawaonetsa makinawo, ndipo amandiitana ndiime pambali. Amati, "Uyu ndiye anasankha, uyu ndiye anakonza, pakanapanda iyeyu ndikanataya." Iwo n'kumandifunsa kuti nawonso agule otani, a mzati wotani. Ndimayankha, nanga nditani, bwana ali pomwepo. Wina anandipatsa paketi ya fodya. Ndimamwetulira ndi mano okha.

Ndinakwera sitima kupita ku Germiston kukaona obiriwira aja. Anagulidwa kalekale ndi munthu wokonza mathirakitala, ndipo akuti akumugwirira ntchito bwino. Ena amene ndinapeza, mtengo wake ndinangofunsa n'kutembenuka. Ndinawerengera madzi a mphutsi, amake Tadala, ndipo zikundinyansa.

Mukuti injini ya a Limbani sinatsokomolebe, alemba anthu owakokera ukonde, akhoma malata. Ndamva. Simuyenera kundiuza m'kalata iliyonse. Mayeso akafunsa za ine mungoti ali bwino. Thebulo lisakhudzidwe, ndikufunafuna njira.

Enock


Benoni, 8 Febuluwale 1998

Okondedwa Enifa,

Lero ndakutchulani dzina lanu chifukwa kalatayi ndi yanu nokha, muwerengere m'nyumba. Ndikhulupirira muli bwino ndi Tadala. Ine thupi lili bwino, manja onse alipo.

Ntchito yatha. Anthu a mamota aja afika pa makina anga. Obasi anandiuza kuti mahandulo ndichotse ndekha, ati poti mabawuti ake ndimawadziwa ndine. Ndinachotsa. Handulo ya kumanja ija inadyeka potsatira chikhato changa, imawala pomwe pamakhala chala chachikulu, ndipo ndinali ndisanazionepo zimenezo mpaka nditaiika pansi. Nditamaliza anandiitanira mu ofesi, anandipatsa tiyi m'kapu ya sosala, chinthu chimene sanachitepo zaka zonsezi. Anati mmisiri ngati ine sadzamupezanso, mpaka misozi inalengeza. Kenako envulopu. Kenako anatulutsa thumba, muli mahandulo atatu aja, nati, "Tenga Enock, uzikandikumbukira." Kumukumbukira! Ndinalakalaka kuponya thumbalo pa galasi la kompyuta yake, koma munthu wa mapepala ngati anga saponya kanthu m'dziko muno. Ndinati zikomo bwana.

Ndayenda m'mashopu ena. Kulikonse akufunsa ngati ndimadziwa kompyuta. Mashopu awiri ndi a anthu omwe aja ndinkawalangiza za mzati wa ngodya zinayi. Anamvera malangizo anga, agula abwino, ndiye safuna munthu. Wa fodya uja anandizindikira, anandipatsa moni wa dzanja, n'kundiperekeza mpaka pageti.

Musandiuze kuti munanena. Ndikudziwa kuti munanena, Mayeso ananenanso. Apongozi akafuna kuponya mwambi wa safunsa anadya phula, aponye ndisanafike. Chimene chikundiwawa ine si chimenecho. Chikundiwawa ndi choti makinawo akuyenda bwino. Ndinadutsa pashopu dzana, ndinamva kulira kwake ndili mumsewu, kosalala, kopanda kugwedera. Ndi manja anga ali mmenemo, akugwirabe ntchito ine ndili kunja kwa mpanda.

Ndibwera ndi Mose kumapeto kwa mwezi uno. Musayembekezere katundu. Za mu envulopu sizingagule ngakhale theka la injini, mitengo inatisiya kalekale. Ndili ndi bokosi la masipanala, ndi mahandulo asanu ndi imodzi, atatu aang'ono a pansi pa bedi aja ndi atatu aakuluwa. Makina ndilibe.

Tsono muchite izi. Muchotse malata pa thebulo, mukawabwezere pa bafa. Muwauze a Limbani kuti aziyanikapo usipa wawo, poti umauma bwino pamenepo. Mukatero muwafunse, inuyo nokha, osatuma amalume, ngati m'boti mwawo muli malo a munthu mmodzi wokoka ukonde. Muwauze kuti munthuyo sadziwa nyanja koma manja ake ndi olimba, ndipo saledzera. Akafuna kuseka aseke tsopano, asekeretu amalize, chifukwa akadzasekera pamaso panga sindikudziwa chimene ndidzachite.

Muwauzenso kuti asagule nangula. Mahandulo aakuluwa ndi chitsulo cholemera, ndikawamanga pamodzi ndi waya agwira pansi pa nyanja, boti silidzasuntha ngakhale mwera uwombe. Aang'onowo tidzamangirira ku ukonde kuti uzimira. Za ntchito yanga asakayike. Chinthu chikachoka m'manja mwanga sichigwedera, akafunse Obasi.

Ndine mwamuna wanu, mkamwini wa kwanuko,
Enock Masiye